NZERU SIZIYESEDWA NDI PENSULO YOKHA
Nchito ya Profesa Robert Serpell pakati pa ana a Zambia

Caka ciri conse, zotsatira za mayeso a sukulu zikatuluka, m'nyumba zambiri za ku Nottie Broadie, ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Dambwa mu mzinda wa Livingstone mumakhala cimwemwe ndi cisoni nthawi imodzi. Mwana amene wapambana amalandiridwa ndi nthungululu, pamene mnzace amene walephera amalowa m'nyumba mwakacetecete, ndipo posacedwa mau owawa amamveka kucokera kwa akulu, akuti mwana uyu alibe nzeru. Koma kawirikawiri mwana yemweyo ndiye amene amakonza njinga ya atate ace, amasunga ndalama za pa kantemba popanda kusowetsa ngakhale ngwee imodzi, ndiponso amalera ang'ono ace amai akapita kumsika.

Kodi mwana wotere alibedi nzeru? Nanga nzeruzo n'ciani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoziyesa? Funso limeneli si lamacheza cabe, pakuti yankho lace ndilo limaweruza ngati mwana apitirize sukulu kapena akhale pakhomo, ngati aikidwe m'kalasi la ana ofuna cithandizo capadera, kapena ngati makolo ace ataye mtima pa iye. Mmodzi mwa anthu amene anathera zaka zambiri za moyo wace kufufuza funsoli m'dziko lino ndi Profesa Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia, katswiri wa maphunziro a maganizo ndi makulidwe a ana.

MIZU YACE IRI KU LIVINGSTONE

Anthu a ku Livingstone ali ndi cifukwa cabwino comvetsera nkhani imeneyi, cifukwa nyumba ya kafukufuku imene inalera nchito ya Profesa Serpell inabadwira mu mzinda wao. Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kucokera mu 1911 kufikira mu 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Mu 1938 bungwe lochedwa Rhodes-Livingstone Institute linayamba nchito yace mu mzindawu, mogwirizana ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali Godfrey Wilson. Pambuyo pace linatsogoleredwa ndi akatswiri ochuka monga Max Gluckman ndi Elizabeth Colson, mai amene anaphunzira moyo wa Atonga kwa zaka zambiri. Bungweli linasamukira ku Lusaka, ndipo dziko litalandira ufulu linakhala gawo la Yunivesite ya Zambia.

Robert Serpell anabadwira ku Mangalande mu 1944 ndipo anaphunzira pa Yunivesite ya Oxford. Anafika m'dziko lino mu 1965, patangopita caka cimodzi cilandirire ufulu, ali mnyamata wa zaka 21, nayamba nchito m'gawo la bungweli lofufuza makulidwe a munthu. Inali nthawi imene dziko linali ndi njala yaikulu ya anthu ophunzira. Pa tsiku la ufulu, pa 24 October 1964, mbadwa za dziko lino zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 cabe. Boma la Dr Kenneth Kaunda linali kumanga sukulu m'zigawo zonse, yunivesite inatsegulidwa mu 1966, ndipo funso lakuti ndi ana ati ayenera kusankhidwa kupita patsogolo linali pakamwa pa ali yense. Mu 1969 Serpell analandira digiri ya udokotala wa maphunziro kucokera ku Yunivesite ya Sussex. Patapita zaka anasankha kukhala nzika ya Zambia.

MIYESO YOCOKERA KUTSIDYA KWA NYANJA

Mayeso oyesera nzeru za ana anayambira ku France, kumene Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mafunso ao mu 1905 pofuna kuzindikira ana a mu Paris amene anali kufuna cithandizo capadera pa sukulu. Kucokera kumeneko mayeso otere anafalikira ku Amereka ndi ku Mangalande, ndipo m'nthawi ya atsamunda anafikanso muno mu Afirika. Ana a kuno akapatsidwa mayesowo, kawirikawiri anali kupeza malikisi ocepa, ndipo Azungu ena anathamangira kunena kuti mwana wa mu Afirika sadziwa kuona bwino maonekedwe a zinthu kapena kuganiza mwakuya.

Bvuto limeneli silinathere m'mabuku a akatswiri okha. Katswiri wa za maganizo amene amagwira nchito m'cipatala, akabweretseredwa mwana amene wacedwa kulankhula kapena amene sagwira zinthu m'kalasi, ayenera kuyesa mwanayo kuti adziwe ngati pali cilema kapena palibe. Ngati muyeso umene ali nao unapangidwira ana a ku London, amene anazolowera mabuku a zithunzi ndi zidole za m'sitolo kuyambira ali makanda, ndiye kuti mwana wa ku Katete kapena wa ku Kazungula adzaoneka wopepera pamene ali bwino lomwe. Sikelo yokhota imanamiza ngakhale wogulitsa wacilungamo. Serpell anaganiza kuti asanaweruze ana, kunali koyenera kuyamba wayesa sikeloyo.

WAYA, DONGO NDI PENSULO

Ali yense amene anakulira m'makomboni a dziko lino amadziwa magalimoto a waya amene anyamata amapanga, okhala ndi ciongolero cacitali, mawilo ozungulira, ndipo nthawi zina ngakhale zitseko zotseguka. Serpell anaona kuti mwana amene angathe kuyang'ana lole pamseu n'kuipanga ndi waya sangakhale munthu wolephera kuona maonekedwe a zinthu. Motero anakonza kafukufuku wosabvuta kumva. Anatenga ana a sukulu a mu Lusaka ndi anzao a mu mzinda wa Manchester ku Mangalande, nawapatsa zitsanzo zofanana kuti azitsanzire m'njira zosiyana: pojambula ndi pensulo pa pepala, popinda waya, ndi poumba ndi dongo.

Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 1979 m'magazini ya akatswiri yochedwa British Journal of Psychology. Pa pepala ndi pensulo, ana a ku Mangalande anaposa ana a Zambia. Pa waya, ana a Zambia anaposa ana a ku Mangalande. Pa dongo, limene ana a mbali zonse ziwiri anali kulidziwa, panalibe woposa mnzace. Tanthauzo lace linali poyera: cimene mayeso akale anali kuyesa sikunali kuona kapena kuganiza kwa mwana, koma kuzolowera kwace cipangizo cimene wapatsidwa. Mwana wa Mzungu akadayesedwa ndi waya yekha, nayenso akadalembedwa m'buku kuti ndi wocedwa.

Kafukufuku wocepa ameneyu anayenda ulendo wautali. Mu 1996, pamene bungwe la akatswiri a za maganizo a ku Amereka, la American Psychological Association, linatulutsa cikalata cace cacikulu cofotokoza zimene zikudziwika ndi zimene sizikudziwika pa nkhani ya nzeru, cikalataco cinachula ana a Zambia ndi waya wao monga umboni wakuti malikisi a mayeso amadalira zimene mwana anazolowera kwao.

ZIMENE AKULU A KU KATETE ANANENA

Serpell sanakhutire ndi kusintha zipangizo zokha. Anafuna kudziwa cimene eni dziko amatanthauza akamati mwana ali ndi nzeru. Mu 1973 anayamba kafukufuku m'midzi ya Acewa m'boma la Katete ku Cigawo ca Kum'mawa, boma limene muli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Dera limene anagwiramo nchito analicha Kondwelani m'mabuku ace, pofuna kusunga cinsinsi ca anthu ace. Anaphunzira cinenero ca anthuwo, nakhala nao pansi.

Njira yace inali yaulemu kwa akulu. Sanawafunse kuti afotokoze tanthauzo la liu lakuti nzeru monga amacitira aphunzitsi m'kalasi. M'malo mwace anawachulira ana a m'mudzi mwao amene anali kuwadziwa bwino, a msinkhu wofanana, nawaikira zocitika za tsiku ndi tsiku: nyumba itagwira moto pali ana okhaokha, ndi mwana uti amene angatumidwe kukaitana anthu, ndipo ndi uti amene angatsale kuthandiza, mai atafika kumtsinje n'kupeza kuti pamalo poyanika zobvala pali matope, ndi mtsikana uti angamtume kukafuna malo ena abwino. Akulu akasankha mwana, anali kufunsidwa cifukwa cace.

M'mayankho ao munatuluka cithunzi cimene Mcewa ali yense angacizindikire. Nzeru ziri ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga ndi kupeza njira pamene ena asowa cocita. Mbali yaciwiri ndi kutumikira, ndiko kukhala mwana wotumika, womvera ndi wokhulupirika, amene akapatsidwa udindo amaufikitsa kumapeto. Kucenjera kopanda mbali yaciwiriyi sikunali kutamandidwa konse, pakuti kumeneko ndiko kucenjera kwa Kalulu wa m'nthano, amene amadya za anzace n'kuthawa. Mwana wanzeru ndi amene kucenjera kwace kumapindulira banja ndi mudzi.

Panali cinthu cina cimene cinadabwitsa ofufuzawo. Ana omwewo anayesedwa ndi mayeso amene Serpell anakonza ndi zipangizo za kumudzi komweko, koma mndandanda wa ana opambana pa mayesowo sunagwirizane kwenikweni ndi mndandanda wa ana amene akulu anawasankha. Ici cinasonyeza kuti ngakhale mayeso osinthidwa bwino amagwira mbali imodzi yokha ya cimene mudzi umacha nzeru. Liu limeneli, lolembedwa kuti nzelu monga momwe anthu a ku Katete amalichulira, linalowa m'mabuku a akatswiri a za maganizo m'maiko ambiri.

MAKWERERO OPAPATIZA

Ofufuza ambiri amafika pamudzi, kufunsa mafunso, n'kupita osabweranso. Serpell anabwerera ku Katete kawirikawiri, natsatira ana omwe aja kwa zaka zoposa 10 kufikira atakula, ena atakwatira ndi kukwatiwa, ena atapita m'tauni. Mbiri ya maulendo a moyo wao ndiyo inadzaza buku lace lalikulu lochedwa The Significance of Schooling, limene linasindikizidwa ndi Cambridge University Press mu 1993.

Zimene anapeza zinali zomvetsa cisoni. Ambiri mwa ana aja sanatsirize sukulu ya pulaimale, ndipo amene anafika ku sekondale anali owerengeka. Coipa koposa cinali cakuti ambiri mwa amene anasiyira panjira anali kudziimba okha mlandu, namanena kuti nzeru zao zinacepa, ngakhale kuti ena mwa iwo anali alimi akhama, makolo abwino ndi anthu odalirika pamudzi. Sukulu, imene inabwera ndi lonjezo lakukweza anthu, inali kuphunzitsa ana ambiri phunziro limodzi lalikulu, lakuti iwo ndi olephera.

Serpell anafanizira maphunziro otere ndi makwerero opapatiza, amene pansi pace pamayambira khamu la ana, koma pamwamba pamafika ocepa okha. Ananenanso kuti kupambana kwa pa sukulu kunali kutanthauza kuzulidwa pamudzi, pakuti mwana akakhoza amacoka kupita ku Chipata, ku Lusaka kapena ku migodi, ndipo mudzi umene unamlera umatsala ndi amene sukulu yawacha olephera. Sananene kuti makolo aleke kutumiza ana kusukulu. Cimene anafunsa cinali cakuti sukulu iyankhe kwa anthu a m'dera limene yamangidwamo, ndi kuti mwana amene waphunzira zaka 4 kapena 5 zokha atuluke ndi kanthu kogwiritsa nchito pamoyo wace, osati ndi manyazi okha.

PANGA MUNTHU

Pa zipangizo zonse zimene Serpell ndi anzace anakonza, codziwika koposa ndi mayeso ochedwa Panga Munthu. Ku Amereka, mai wina katswiri dzina lace Florence Goodenough anakonza mu 1926 mayeso ouza mwana kujambula munthu pa pepala, ndipo malikisi anali kuperekedwa molingana ndi ziwalo zimene mwanayo waonetsa. Koma mwana wa kumudzi amene sanagwirepo pensulo angajambule bwanji? Cimene iye amadziwa ndi dongo la kudambo, limene amaumbira ng'ombe, miphika ndi ana a masanje. Motero m'mayeso a Panga Munthu mwana amapatsidwa dongo n'kuuzidwa kuti aumbe munthu, ndipo woyesa amawerenga mutu, maso, khosi, mikono, zala ndi ziwalo zina, poonanso ngati zalingana bwino.

Ubwino wa mayesowa ngwakuti safuna kuti mwana adziwe Cingelezi, kuwerenga kapena kulemba, ndipo ndi ochipa. Mai Bernice Ezeilo anawayesa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1998 Ravinder Kathuria pamodzi ndi Serpell anasindikiza miyeso yace atayesa ana a sukulu oposa 3,000 a m'dziko lino. Kuyambira pamenepo katswiri wa kucipatala kapena mphunzitsi wa ana ofuna cithandizo capadera anakhala ndi njira yoyerekezera mwana wa Zambia ndi ana anzace a Zambia, m'malo momuyerekeza ndi ana a kutsidya kwa nyanja.

Nchito imeneyi inakhudza kwambiri ana olemala. Kwa zaka zambiri cithandizo ca matenda a maganizo cinaunjikana pa cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, ndipo banja la kumudzi lokhala ndi mwana wocedwa kukula m'maganizo linalibe kolowera. Ena anali kubisa ana otere m'nyumba cifukwa ca manyazi kapena poganizira ufiti. Bungwe la United Nations litalengeza caka ca 1981 kukhala caka ca anthu olemala, dziko lino linayendetsa nchito yaikulu yofunafuna ana olemala m'maboma onse, ndipo Serpell, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa Institute for African Studies, anali mmodzi mwa akatswiri amene anaikapo dzanja, pamodzi ndi anzace monga Dabie Nabuzoka. Ganizo lao linali lakuti mwana wolemala athandizidwe pakhomo pa makolo ace, abale ace ataphunzitsidwa momuphunzitsira kudya yekha, kubvala, kusamba ndi kulankhula pang'onopang'ono, m'malo moyembekezera nyumba zapadera zimene sizingakwanire ana onse.

ANA A KU MPIKA

Munthu angafunse ngati kuli kotheka kuti sukulu iphunzitse mbali yaciwiri ija ya nzeru, ya kutumikira. Yankho linapezeka ku Mpika, pa sukulu ya pulaimale ya Kabale, kumene mphunzitsi Paul Mumba ndi anzace anali kugwiritsa nchito njira yochedwa Child-to-Child, imene inayambitsidwa ku London ndi David Morley ndi Hugh Hawes ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'njira imeneyi mwana wa sukulu amapatsidwa udindo woyang'anira umoyo wa mwana wamng'ono wa m'banja kapena wa pafupi ndi kwao. Amaphunzira kuwerenga khadi la kusikelo, kuona ngati mwanayo akukwera kapena akutsika, ndi kudziwa cocita akatsegula m'mimba. Masamu ndi sayansi zimalowera pamenepo, ndipo anyamata ndi atsikana amagwira nchito pamodzi m'magulu.

Serpell anatsatira ana a m'makalasi amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2011 iye, Paul Mumba ndi Tamara Chansa-Kabali anasindikiza zimene anapeza atacezanso ndi ana aja atakula. Ambiri anakumbukira maphunzirowo monga cinthu cimene cinawaphunzitsa kusamala anzao ndi kulemekezana pakati pa amuna ndi akazi, kuphatikizapo amene sanapite patali ndi sukulu. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ku Mpika mwambi umenewu unasanduka phunziro la m'kalasi.

KU AMEREKA NDI KUBWERERA KWAO

Mu 1989 Serpell anapita kukaphunzitsa pa University of Maryland, Baltimore County, ku Amereka. Kumeneko anatenga mafunso amene anawaphunzira ku Katete n'kuwafunsa m'mabanja a mu mzinda wa Baltimore, a anthu akuda ndi a Azungu, osauka ndi opezako bwino. Iye pamodzi ndi Linda Baker ndi Susan Sonnenschein anatsatira ana kuyambira asanalowe sukulu, ndipo buku lao, Becoming Literate in the City, linatuluka mu 2005. Anapeza kuti ana amene kwao kuwerenga kunali cinthu cosangalatsa, osati cilango kapena nchito yokakamiza, ndiwo anali kudziwa kuwerenga bwino. Phunziro limeneli ndi loyenera pakhomo liri lonse, ngakhale pamene buku liripo ndi limodzi lokha.

Anabwerera m'dziko lino nakhala Vice-Chancellor wa Yunivesite ya Zambia kucokera mu 2003 kufikira mu 2006. Atatsiriza udindowo anabwerera m'kalasi kukaphunzitsa ndi kulera ofufuza acinyamata. Mu 2011 pa yunivesiteyo panakhazikitsidwa bungwe la CAPOLSA lolimbikitsa kuwerenga, mogwirizana ndi Yunivesite ya Jyväskylä ya ku Finland, ndipo iye ndiye analitsogolera. Bungweli linakonza timabuku ta nthano ta ana m'zinenero za dziko lino, ndipo ofufuza ace, monga Jacqueline Jere-Folotiya, anayesa masewera a pa foni ochedwa GraphoGame, ophunzitsa ana a Giredi 1 a mu Lusaka kulumikiza zilembo ndi mamvekedwe a Cinyanja. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti masewerawo anathandiza ana pa kalembedwe ka mau.

Nkhani ya cinenero inali pamtima pace kuyambira kale. Mu 1966 dziko lino linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'kalasi loyamba, ndipo ana ambiri anali kuloweza mau amene sanali kuwamva. Serpell anali mmodzi mwa amene analimbikira kunena kuti mwana amadziwa kuwerenga msanga m'cinenero cimene amaseweramo. Mu mzinda ngati Livingstone, kumene mwana mmodzi angamve Citonga kwa agogo, Cilozi kwa anansi, Cinyanja pamseu ndi Cingelezi kwa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, nkhani imeneyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa, pakuti mwana wolankhula zinenero zitatu angaoneke ngati mbuli pa mayeso olembedwa m'cinenero cacinai.

Banja lace nalonso liri ndi cingwe coligwirizanitsa ndi Livingstone. Mwana wace wamkazi, Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka mu 1980, ndi mlembi wochuka amene anapata mphoto ya Caine mu 2015. Buku lace la mu 2019, The Old Drift, linatenga dzina la malo a m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi kumene Azungu oyamba anakhala mzinda wa Livingstone usanamangidwe.

MBEU IMENE INAMERA KWINA

Zimene zinapezeka ku Katete sizinali za Acewa okha. Ku Uganda, Mallory Wober anafufuza maganizo a Baganda pa nkhani ya nzeru. Ku Côte d'Ivoire, Pierre Dasen ndi anzace anapeza kuti anthu a mtundu wa Baoulé naonso amaika patsogolo mtima wofuna kutumikira banja. Ku Kenya, Elena Grigorenko, Robert Sternberg ndi anzao anasindikiza mu 2001 kafukufuku wa pakati pa Aluo, amene amasiyanitsa rieko, ndiko kudziwa ndi luso, ndi luoro, ndiwo ulemu ndi udindo. Ku Cameroon, malemu Bame Nsamenang analemba mu 1992 buku lofotokoza makulidwe a mwana monga momwe anthu a mu Afirika amaonera. Maumboni onsewa ataikidwa pamodzi anakakamiza akatswiri a ku Ulaya ndi ku Amereka kubvomereza kuti tanthauzo lao la nzeru linali la kwao, osati la dziko lonse lapansi.

Maiko a kuno anayambanso kupanga miyeso yaoyao. Ku Malawi, Melissa Gladstone ndi anzace anasindikiza mu 2010 cipangizo coyesera makulidwe a ana ang'ono cochedwa Malawi Developmental Assessment Tool, cogwiritsa nchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. M'dziko lino, Beatrice Matafwali wa pa Yunivesite ya Zambia anali mmodzi mwa amene anakonza mayeso a ZamCAT oyesera ana a msinkhu woyamba sukulu. Ku Malawi komweko, Chiwoza Bandawe, katswiri wa za maganizo wothandiza odwala, analemba mu 2010 buku loika umunthu pakati pa nchito yocenjeza ndi kutonthoza anthu obvutika mumtima. Ali yense wa amenewa anayenda njira yace, koma onse anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu ayesedwe ndi kuthandizidwa m'cinenero ndi m'mwambo umene anakuliramo.

NCHITO IMENE YATSALA

Malamulo asintha. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu olemala, ndipo mu 2019 inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la m'nthawi ya atsamunda. Koma lamulo silingalowe lokha m'nyumba ya munthu. Oweruza oyamba a mwana ndi makolo ace ndi aphunzitsi ace, ndipo mau amene iwo amanena ndiwo mwana amawasenza kufikira ukulu.

Kafukufuku wa Profesa Serpell sanena kuti mayeso a sukulu ndi acabecabe, kapena kuti ana onse ali ndi mphatso zofanana. Alipo ana amene amacedwadi kukula m'maganizo, alipo amene samva bwino kapena saona bwino pa bolodi, alipo amene njala, malungo kapena khunyu zawabweza m'mbuyo, ndipo onsewa amafuna kuonedwa msanga ndi a cipatala ndi aphunzitsi odziwa nchito imeneyi, pakuti m'mera mpoyamba. Cimene kafukufukuyu akuletsa ndi kuweruza mwana ndi sikelo imodzi yokha. Kholo la ku Nottie Broadie kapena la ku Katete, lisananene kuti mwana walephera, liyenera kufunsa kuti mwanayo anayesedwa m'cinenero citi, ndi cipangizo cotani, ndiponso ndi zinthu ziti zimene amacita bwino pakhomo zimene pepala la mayeso silinafunse. Mphunzitsi nayenso ayenera kufunsa makolo mafunso omwe aja amene akulu a ku Katete anafunsidwa mu 1973, pakuti amene amatuma mwana tsiku ndi tsiku amadziwa za iye zimene sizilembedwa pa lipoti la sukulu.